Kusankha marozi a pakhomo mu Harare: yambani ndi malo, duwa libwere pambuyo

Agogo anga aamuna adachoka ku Ntcheu ali mnyamata, n'kudzagwira ntchito ya m'galadeni kumayadi a ku Highlands mpaka imvi zitati mbuu. Ife adzukulu tidabadwira konkuno, ena ku Mufakose, ena ku Tafara, ena ku Mbare, ndipo ambirife tili ndi pathupathu tsopano, kaya ndi kabwalo kongokwana mphasa zinayi, kaya ndi yadi yotakata ku Ruwa. Chikondi cha maluwa tidatengera, koma luso la agogo lija ambiri silidatifike. Munthu amapita ku nazale, maso agwera pa duwa lokongola, wagula, wafika nalo kunyumba, ndiye n'kumazungulira nalo m'manja kufunafuna pobzala. Pakatha zaka ziwiri rozi uja wauma, kapena watseka njira ndi minga, kapena wabiriwira bwinobwino koma duwa osaoneka ngakhale limodzi.

Agogo sankatero. Ndikawapempha kuti andiperekeze kukagula rozi, ankayamba andifunsa kuti, "Mdzukulu, akakhala pati? Dzuwa limafikapo nthawi yanji? Nanga madzi ake azichokera kuti?" Dzina la duwa linkabwera kumapeto kwenikweni. Malangizo awa atsata ndondomeko yomweyo.

1. Siyanitsani mitundu itatu musanatulutse ndalama

Pa timapepala ta ku nazale mudzaona mawu atatu achingelezi: shrub, climber ndi rambler. Onsewo ndi marozi, koma kakulidwe kawo n'kosiyana ngati chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi.

Shrub ndi rozi wachitsamba. Amaima yekha osafuna chomugwiriza, amatalika mita imodzi mpaka mamita 2, ndipo ambiri amachita maluwa mobwerezabwereza kuyambira Okutobala mpaka chakuma Meyi.

Climber ndi rozi wokwera. Nthambi zake zimakhala zochepa, zonenepa ndi zolimba, zotalika mamita 2 mpaka 4. Maluwa ake ndi aakulu, ndipo ambiri amabwerezanso. Dzinalo lisakunamizeni, rozi sakwera yekha monga nyemba zimazengerera paphesi. Alibe timanja togwirira, minga yake imangokola apa ndi apo. Mukapanda kumumangirira amawerama mpaka nsonga zake zigunde pansi.

Rambler ndi rozi woyanga, monga dzungu liyangira m'munda. Chaka chilichonse amatulutsa nthambi zambiri zowonda ndi zofewa kuchokera pansi patsinde, ndipo zimatha kufika mamita 6 kapena kuposa. Maluwa ake ndi ang'onoang'ono, m'magulumagulu, ochuluka mpaka masamba osaoneka. Koma ambiri amachita maluwa kamodzi kokha pachaka, kwa masabata atatu kapena anayi, ndipo maluwawo amatuluka pa nthambi zimene zidamera chaka chatha. Mfundo imeneyi muisunge, ibweranso kutsogoloku.

Chinanso n'chakuti marozi kuno amakula kuposa mmene mabuku a ku England amanenera. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera panyanja yaikulu, dzuwa lake ndi lamphamvu, ndipo nyengo yozizira ndi yaifupi, yosagoneka rozi tulo tenitenito. Pamene kapepala kakuti mamita 3, inu muziwerengera 4.

2. Khalani tsiku limodzi pakhomo mukuonerera dzuwa

Rozi amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa. Loweruka lina ikani mwala pamene mukufuna kubzalapo, ndipo muzipitapo nthawi ya 8 koloko, 10, 12, 2 ndi 4 kukaona ngati mwalawo uli padzuwa kapena pamthunzi. Mudzadabwa kuti malo amene mumawayesa adzuwa amalowa mumthunzi wa nyumba ya aneba nthawi ikangokwana 1 koloko.

Zambiri zolembedwa pa intaneti zimachokera ku Ulaya ndi ku America, ndipo zimati khoma labwino ndi loyang'ana kumwera. Kuno n'zotembenuka. Ife tili kumwera kwa equator, choncho miyezi yambiri ya chaka, makamaka Juni ndi Julayi, dzuwa limadutsa chakumpoto. Khoma loyang'ana kumpoto ndilo limaotha dzuwa, pamene loyang'ana kumwera limakhala mumthunzi nyengo yonse yozizira.

Ineyo malo amene ndimawakonda koposa ndi oyang'ana kum'mawa. Dzuwa la m'mawa limaumitsa mame pamasamba msanga, ndipo masamba ouma sagwidwa matenda kawirikawiri. Khoma loyang'ana kumadzulo ndiye lovuta. Mu Okutobala durawall, mpanda wa mapanelo a simenti uja, imatentha ngati chiwaya, maluwa ofiira kwambiri amapsa m'mphepete, ndipo akangaude ofiira, tizilombo tating'onoting'ono tija timayamwa kunsi kwa masamba, amaswana mosaneneka pamalo otentha ndi ouma otere. Ngati malo anu ndi omwewo basi, musataye mtima, mudzangosankha rozi wopirira ndi kumubzala motalikirako ndi khoma.

Yang'ananinso mitengo. Jacaranda, msasa, mango, mapeyala ndi bulugama zili ndi mizu yoyenda patali, ndipo madzi amene mukuthirira rozi ndi omwe mizuyo ikulondola. Siyani mamita 4 kapena 5 kuchokera patsinde la mtengo. Amene muli kufupi ndi madambo, monga mbali zina za Marlborough, Monavale kapena m'mphepete mwa Mukuvisi, kumbukirani kuti mphepo yozizira imatsikira m'zigwa ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi chimawauula mphukira zanthete. Rozi wamkulu safa nacho, koma chimasintha nthawi yodulira.

3. Werengani madzi anu moona mtima, kenako kumbani muone dothi

Apa ndi pamene marozi ambiri a m'Harare amathera. Mvula yathu imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, koma rozi amafuna madzi ambiri mu Sepitembala ndi Okutobala, pamene akutulutsa mphukira ndi maluwa oyamba, nthawi yomweyo imene zitsime zimaphwa ndipo pampopi pamakhala pouma masiku ambiri. Rozi mmodzi amafuna chidebe cha malita 20 pa sabata m'nyengo yotenthayi, chogawidwa kawiri, ndipo wokwera wamkulu amafuna zoposa pamenepo chifukwa khoma ndi denga zimamutchingira mvula. Marozi 10 ndiye kuti diramu yathunthu ya malita 200 sabata iliyonse. Ngati muli ndi borehole kapena thanki yaikulu, palibe vuto. Ngati mumachita kutunga kapena kugula madzi, bzalani atatu kapena anayi amene mungawakwanitse. Marozi atatu okhuta madzi amakongoletsa pakhomo kuposa khumi ofota.

Madzi otsukuluzira zovala ndi osambira amathandiza, bola asakhale ndi mankhwala oyeretsera zovala kapena mafuta a m'mapoto. Muziwathira pansi, osati pamasamba.

Dothi la m'Harare lili mitundu itatu. Kumpoto ndi mbali zina za kumadzulo, monga ku Mount Pleasant, Avondale ndi Borrowdale, kuli katondo wofiira, amene marozi amamukonda chifukwa amasunga chinyontho ndi chakudya. Chakumwera ndi kum'mawa, kumene kuli miyala ikuluikulu ija, monga ku Epworth, Mabvuku ndi Chitungwiza, dothi ndi lamchenga. Madzi amangodutsa, choncho pamafunika manyowa ambiri ndi kuthirira pafupipafupi. M'madambo muli makande akuda, amene amang'aluka m'chilimwe n'kusunga madzi ngati mtsuko m'dzinja.

Kumbani dzenje lakuya masentimita 50, mudzazemo madzi madzulo. Mukapeza m'mawa madzi akadali chiimire, pamenepo mizu ya rozi idzaola mu Januwale. Unjikani dothi losakaniza ndi manyowa kuti bedi likwere masentimita 30, kapena funani malo ena.

4. Yezani malo ndi chimene rozi adzatsamire

Tengani tepi, muyeze m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Kenako dzifunseni kuti anthu amadutsa pati, ana amasewera pati, galimoto imatsegulira chitseko pati, zovala mumayanika pati.

Izi ndidaziphunzira movutika. Chaka china ndidagula kambande kwa wogulitsa wina wa m'mbali mwa msewu, amene adanditsimikizira kuti ndi wokwera wamng'ono woyenera pakhonde. Ndidamubzala pambali pa chitseko cha kukhitchini. Chaka choyamba adali wofatsa. Chaka chachitatu nthambi zake zidakwera padenga, zina zidalowa kunsi kwa malata, ndipo minga yake yokhota ngati mbedza inkakola madiresi a ana ndi zitenje za alendo. Mu Julayi ndidamudula kwambiri pamodzi ndi marozi ena onse, ndipo Okutobala atafika sadatulutse duwa n'limodzi lomwe. Amalume atabwera kudzacheza adangomuyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, ameneyu ndi Albertine, woyanga. Maluwa a chaka chino udawadula wekha mu Julayi." Ndidamuzula n'kukamuika kumpanda wa kuseri, kumene lero ali pamtendere ndipo ifenso tili pamtendere.

Choncho gwirizanitsani malo ndi mtundu. Pansi pa mawindo, m'mbali mwa njira ndi pakati pa kapinga mpa wachitsamba. Mzati wa khonde, kachipata kokhota ndi khoma lalifupi mpa wokwera. Mpanda wautali, thandala lalikulu loimikapo galimoto, shedi yakale imene mukufuna kubisa kapena mtengo wouma wolimba mpa woyanga. Ngati pakhomo panu ndi pang'ono ngati momwe nyumba zambiri za ku Mufakose ndi Highfield zilili, woyanga musiyeni, ngakhale mtima ukumufuna chotani.

Durawall ili ndi zake. Mapanelo ake ndi opyapyala, amang'ambika mukawakhomera misomali, ndipo woyanga wamkulu atanyowa ndi mvula amalemera kwambiri. Imikani mapolo a bulugama othiridwa mankhwala a chiswe kapena mapaipi achitsulo patsogolo pa khomalo, mukunge mawaya chopingasa, woyamba masentimita 60 kuchokera pansi, enawo motalikirana masentimita 40. Pakati pa waya ndi khoma pakhale mpata woti dzanja lilowe, kuti mphepo izidutsa. Ngati pamwamba pali waya wamagetsi, sankhani rozi wosafikako, chifukwa nthambi yonyowa ikamagunda wayayo imafooketsa mphamvu yake ndi kuliza alamu usiku. Zomangira zonsezi ziime rozi asanabzalidwe.

5. Tsopano sankhani dzina

Pa achitsamba, woyamba ndi Iceberg. Adamutulutsa ndi Reimer Kordes ku Germany mu 1958, ndipo marozi oyera amene mumawaona pamageti ndi m'mabwalo a matchalitchi m'tauni muno ambiri ndi ameneyu. Akatswiri amamuika m'gulu la floribunda, koma mukamamudulira pang'ono chabe amasanduka chitsamba chofika pachifuwa. Minga yake ndi yochepa, amapirira kutentha, ndipo maluwa sasowa. Ena amamunyoza kuti ali paliponse, koma kupezeka paliponseko ndiwo umboni wake. Amagwidwa madontho akuda m'dzinja, n'kuyoyola masamba ena, koma amadzukanso. Amene simunabzalepo rozi chibadwire, yambani ndi ameneyu.

Wina amene ndimamukonda kwambiri ndi Mutabilis, rozi wakale wa ku China. Duwa lake ndi lopyapyala, la timasamba tisanu basi, koma limatseguka lili lachikasu, mawa lake lasanduka lapinki, mkuja lafiira, mwakuti chitsamba chimodzi chimaoneka ngati chateredwa ndi agulugufe amitundumitundu. Amakonda kutentha, amafika mamita 2, ndipo akakhazikika sadandaula madzi akachepa. Pamalo pamene dzuwa limafika theka la tsiku lokha, yesani a gulu la hybrid musk: Penelope wa 1924, Ballerina wa 1937 kapena Buff Beauty wa 1939. Amene mulibe nthawi yopopera mankhwala, funani Knock Out, amene William Radler wa ku America adamutulutsa mu 2000, kapena Flower Carpet wamfupi uja woyala m'mbali mwa njira. Fungo alibe lambiri, koma masamba awo sagonja msanga ku matenda.

Marozi a David Austin a ku England, monga Graham Thomas wachikasu wa 1983, ndi okongola ndi onunkhira mokoma, ndipo pazithunzi amakopa aliyense. Kuno amaponya nthambi zazitali ngati okwera, amamwa madzi ambiri, ndipo maluwa awo sachedwa kuyoyoka dzuwa likakula. Ndi abwino kwa amene ali ndi borehole ndi malo oyang'ana kum'mawa. Marozi akalekale a ku Ulaya a magulu a gallica ndi alba asiyeni, amafuna kuzizira kwanthawi yaitali kuti achite maluwa bwino. Pofufuza mayina, mindandanda ya ku South Africa imatithandiza kuposa ya ku England. Mwachitsanzo, nazale ya Ludwig's Roses kufupi ndi Pretoria yakhala ikulima marozi kuyambira 1971 pamalo okwera, a mvula ya m'nyengo yotentha ndi nyengo yozizira youma, mofanana ndi kwathu kuno.

Pa okwera, Climbing Iceberg wa 1968 ali ndi makhalidwe onse a kholo lake, kungoti amatalika mamita 3 mpaka 4, ndipo nthambi zake zimapindika mosavuta. Koma mukandifunsa wokwera mmodzi yekha woyenera Harare, ndinena Crépuscule, wa ku France wa 1904. Mtundu wa duwa lake uli ngati kumwamba dzuwa likamalowa, pakati pa chikasu ndi olenji, minga ndi yowerengeka, ndipo gulu lake la noisette limasangalala ndi nyengo yofunda. Ndi woyenera pakhonde pamene anthu amakhala. M'bale wake Madame Alfred Carrière wa 1879, woyera ndi wonunkhira, amapirira mthunzi kuposa okwera ambiri, choncho ndiye woyesa pakhoma losalandira dzuwa lokwanira. Iyeyu amakula kwambiri, mupatseni malo.

New Dawn wa 1930, wapinki wotuwa, ndi wolimba ndipo ndiye chomera choyamba kupatsidwa patent, chikalata choteteza umwini, ku America, koma minga yake si yocheza nayo, musamuike pachipata. Ofuna wofiira, Altissimo wa 1966 ali ndi maluwa otambalala ofiira ngati magazi, ndipo nthambi zake zolimba zimayenera mzati kapena khoma. Zéphirine Drouhin wa 1868 alibe minga n'komwe ndipo fungo lake limafika patali, n'chifukwa chake makolo a ana aang'ono amamufuna. Koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: amagwidwa msanga madontho akuda ndi matenda a ufa woyera wa pamasamba, moti Febuluwale amamupeza ali mbulanda ngati simupopera.

Pa oyanga, mfumu ya kuno ndi banksia wachikasu, Rosa banksiae Lutea. Kwawo ndi ku China, adafika ku England mu 1824, ndipo dzinalo ndi lokumbukira mkazi wa Sir Joseph Banks. Chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Sepitembala, fumbi lili koboo, udzu wauma, marozi ena akadali zitsa, iye amakutidwa ndi timaluwa tachikasu kuyambira pansi mpaka pamwamba. Minga alibe, masamba sayoyola, matenda samusautsa, ndipo akazika mizu amatha chilimwe chonse ndi madzi ochepa. Vuto lake ndi kukula. Ku Tombstone, Arizona, kuli banksia woyera amene adabzalidwa mu 1885, ndipo lero tsinde lake ndi longa la mtengo, nthambi zake zakuta thandala loti khamu la anthu limakhala pansi pake. Wanu sadzafika pamenepo msanga, koma mamita 6 mbali zonse ndi nkhani ya zaka zochepa. Walira mvula walira matope: mukamufuna, konzekani kumudulira chaka ndi chaka.

Albertine wa 1921 ali ndi maluwa apinki wopita ku mkuwa ndi fungo lodzaza bwalo lonse, ndipo za minga yake mwamva kale. Dorothy Perkins wa 1901, wa timaluwa tapinki tothithikana, amapezeka m'mayadi akale ndipo amamera mosavuta ndi nthambi yodula, koma pakhoma amachita ufa woyera mpaka kumvetsa chisoni. Malo ake ndi mpanda wawaya pamene mphepo imadutsa. Ndipo ngati cholinga chanu ndi chitetezo, pali Mermaid wa 1918. Amalembedwa ngati wokwera, koma amakula ngati woyanga, amabwereza maluwa ake achikasu otambalala, ndipo minga yake palibe munthu angadutsepo. Mubzaleni kumalire kokhakokha, ndipo yambani mwakambirana ndi aneba.

6. Mukafika ku nazale

Pitaniko kawiri. Mu Okutobala, jacaranda ali pachimake, kaoneni maluwa ndi kununkhiza nokha, chifukwa chithunzi sichinena zoona zonse za mtundu wa duwa. Mu Febuluwale, mvula itakhazikika, kaoneni masamba. Rozi amene ali ndi masamba obiriwira mu Febuluwale ndiye wa pakhomo panu. Poyenda m'dera lanu muziyang'ananso mipanda ya anzanu, chifukwa chimene chikukondwa kwa aneba chili padothi ndi madzi ofanana ndi anu. Safunsa adadya phula: gogodani, funsani dzina, mwinanso akupatsani nthambi.

Funsani wogulitsa mafunso atatu: dzina lake ndani, amatalika bwanji, amachita maluwa kangati pachaka. Akalephera kuyankha ndipo palibe kapepala, yang'anani chomeracho. Nthambi zowonda, zazitali, zofewa ngati chingwe, zokhala ndi timasamba tating'ono tonyezimira, kawirikawiri zimasonyeza woyanga.

Sankhani mbande ya nthambi zonenepa ziwiri kapena zitatu zochokera pansi, osati yaitali ya nthambi imodzi yokhala ndi duwa kunsonga. Marozi ambiri ndi omezanitsa, ndipo patsinde pamakhala chotupa pamene adalumikiza. Pamenepo pakhale polimba, posang'aluka. Tembenuzani masamba muone kunsi ngati kuli nsabwe kapena timaukonde ta akangaude. Nyamulani chubu: mizu ikakhala kuti idabowola n'kulowa pansi ndipo achita kuidula, mbandeyo yakhalitsa.

Maluwa okongola a mapesi aatali amene amagulitsidwa ku Africa Unity Square ndi nkhani ina. Dziko lino la Zimbabwe linkatumiza marozi otere ochuluka ku Netherlands m'zaka za m'ma 1990, ndipo mitundu yake idapangidwira m'ma greenhouse, kuti idulidwe ndi kukhalitsa m'botolo. Kuzika phesi lake pakhomo nthawi zambiri kumangotaya nthawi.

7. Kubzala, kumangirira ndi kudulira molingana ndi mtundu

Mbande ya m'chubu imabzalidwa pafupifupi nthawi iliyonse, koma ngati madzi ndi ovuta dikirani mvula yoyamba ya Novembala. Kumbani dzenje la masentimita 60 mbali zonse, musakanize dothi lapamwamba ndi ndowa ziwiri za manyowa owolerana ndi dzanja limodzi la Compound D, feteleza asagunde mizu. Chotupa chija chikhale pa mulingo wa nthaka. Wokwera ndi woyanga akhale masentimita 45 kuchokera pakhoma, mopendekera kumawaya, chifukwa m'tsinde mwa khoma ndi mouma ndipo mumakhala zigumu za simenti. Achitsamba atalikirane mita imodzi kapena kuposerapo. Thirani ndowa yathunthu, phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba, koma musiye mpata kuzungulira tsinde, ndipo muzivundukula nthawi ndi nthawi kuona ngati chiswe chalowa.

Pomangirira pali chinsinsi chimene agogo ankachibwereza nthawi zonse. Nthambi ikaima chilili, mphamvu yonse imathamangira kunsonga, maluwa amakhala kudenga, pansi pali mbee. Mukaigoneka chopingasa pawaya, diso lililonse m'nthambimo limaphukira ndi kutulutsa duwa. Choncho yalani nthambi ngati zala za dzanja lotambasula, zina kumanja, zina kumanzere, zikadali zanthete. Pamzati zizungulizeni ngati njoka. Mangani ndi malegeni kapena nsanza zofewa, mosathinitsa, osati ndi waya.

Achitsamba ndi okwera obwereza maluwa amaduliridwa kumapeto kwa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo a kumadambo adikire mpaka pakati pa Ogasiti chisanu chitapita. Wachitsamba mumangochotsa zouma, zopingasana ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Wokwera musamudule nthambi zikuluzikulu zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, makamaka Climbing Iceberg, amene akhoza kubwerera kukhala chitsamba mukamudula kwambiri akadali wamng'ono. Muzingofupikitsa tinthambi ta m'mbali, kusiya maso awiri kapena atatu.

Woyanga wa maluwa a kamodzi pachaka asakhudzidwe mu Julayi. Mudulireni maluwa akangotha, banksia mu Okutobala, Albertine ndi Dorothy Perkins chakuma Novembala kapena Disembala. Chotsani nthambi zina zakale kuyambira pansi, mumangirire zatsopano m'malo mwake, chifukwa zimenezo ndizo zanyamula maluwa a chaka chamawa. Mphukira yotuluka kunsi kwa chotupa chija, ya masamba osiyana ndi enawo, ndi ya tsinde lomezanitsirapo. Fukulani dothi muithyole pomwe yamerera, ikapanda kutero idzalanda chakudya chonse.

Kapepala ka ku nazale kamafufutika ndi dzuwa miyezi ingapo. Dulani kachidutswa ka chitini, mulembepo ndi msomali dzina la rozi, mtundu wake ndi mwezi womudulira, mukamangirire pawaya wapansi pomwe aliyense wogwira sizasi adzakaone.